Mwana wa akulu anga wasiya kupita ku madrasa ndipo wandiuza chifukwa chake, ndipange bwanji?

WobisaDzina

Assalam alaykum abale ndi alongo. Pepani ndalowa ndi akaunti ina chifukwa enanu mumandidziwa ndipo sindikufuna dzina la mwana limveke.

Ndimasunga mwana wa akulu anga, mtsikana wa zaka 12, ali sitandade 6. Mayi ake ali ku Joni akugwira ntchito ya m'nyumba, bambo ake banja linatha kalekale. Mwanayu madrasa amaikonda kwabasi, akaweruka ku sukulu amangodya nsima choimirira nkuvala hijabu, juzu (kabuku ka gawo la Qur'an) m'kajumbo, 2 koloko wanyamuka. Koma chithereni Ramadhan wasintha, lero mutu mawa m'mimba mkuja akuti silipasi yaduka, ine ndimayesa ulesi mpaka tsiku lina ndinamukwapula ndi kamtengo, Allah andikhululukire chifukwa chinthu chimenecho chikundidya mpaka pano. Anayambanso kukodza pogona, chinthu choti anasiya ali ndi zaka 4.

Lachiwiri tikutsuka mbale kuseri kwa nyumba anangofunsa ali chowerama, amvekere "amayi, kodi munthu akalumbira atagwira Msahafu kenako nkuulula, amachita misala?" Ine ndinasiya mphika pomwepo. Ndinamukhazika pa mkeka, zinatenga nthawi, akulira akusiya akulira akusiya. Akuti amwalimu amamutsalitsa anzake akamapita, amati akonze kawerengedwe kake kapena asese, ndiye amatseka chitseko nkumukhazika pafupi nkumamugwiragwira malo osayenera. Akatha amamupatsa K500 ndipo anamugwiritsa Msahafu, buku la Qur'an, kuti alumbire kuti sadzauza munthu, akadzaulula adzapenga ndipo mayi ake adzafera ku Joni komweko.

Ndinauza achimwene omwe ndi mwinimbumba, iwo anati tisapupulume ndipo anapita kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti. Yankho labwera dzulo. Akuti amwalimu akana, akuti mwanayu amamutenga ngati wawo. Koma akomiti omwewo akuti kuti zinthu zizizire angowasamutsa mwakachetechete mwezi ukatha, atipatse kachipepeso, tisapite ku polisi chifukwa tichititsa manyazi deen ndipo anthu a zipembedzo zina atiseka. Anandikumbutsanso hadith yoti wobisa manyazi a Msilamu mnzake naye Allah adzamubisira tsiku la Qiyama.

Munthu ameneyu ndi amene amatsogolera duwa pa sadaka zonse za m'dera lathu, maliro a mayi athu anaswalitsa ndi iyeyo. Mayi a mwana sindinawauze. Ndiye ndifunse, kupita ku polisi ndi tchimo? Nanga ngati ndilibe umboni wina kupatula mawu a mwana andimvera?

Mama Shakira

Wa alaykum salaam achemwali. Ine ndawerenga thupi lonse lachita tsembwe. Choyamba mwana asapondenso ku madrasa imeneyo ngakhale tsiku limodzi, chachiwiri mumuuze ndi pakamwa panu kuti mwamukhulupirira ndipo palibe chomwe walakwa, ndipo mumupepese za kamtengo kaja, ana amakhululuka msanga kuposa ife. Za misala zija mumuuze kuti ndi bodza, mayi ake safa. Mayi akewo auzeni lero lomwe, akadzamva kwa ena mudzadana mpaka kumanda.

Chipepesocho musalandire olo K100. Mukangolandira nkhani yatha, mawa adzati munkafuna ndalama.

Abu Ridhwan

Abale tiyeni tiziopa Allah pa zolemba zathu. Ine sindikuikira kumbuyo munthu woipa ayi, koma apa tamva mbali imodzi yokha ndipo mwiniwake wakana. Kunamizira munthu nkhani ngati imeneyi ndi tchimo lalikulu, Surah An-Nur yanena poyera za mboni zinayi, ndipo kukamba za munthu iye palibe ndi miseche. Ana a masiku ano amaonera zinthu zambiri m'mafoni, komanso m'mizikiti mwathumu muli mipikisano, ena amafuna mpando wa mnzawo ndiye amagwiritsa ntchito chilichonse.

Chinanso chomwe chimandiwawa ine, abusa angati amangidwa m'Malawi muno chifukwa cha ana? Aphunzitsi a ku pulayimale angati? Ansembe ku Ulaya ndi ku America mpaka Papa kupepesa. Koma akangolakwa shehe mmodzi, Facebook yonse imadzadza kuti Asilamu ndi otero, ndipo atsikana athu ovala hijabu ndi amene amatukwanidwa m'minibasi. Akomiti aja sakunama pamenepo. Ine ndikuti nkhaniyi ipite kwa mashehe akuluakulu a pa boma, aiunike mwa deen, polisi ikhale yomaliza.

Mama Shakira

Abu Ridhwan, mwana wa zaka 12 ayambe kukodza pogona chifukwa akufuna mpando wa mu mzikiti? Mxiii. Akanakhala wanu mukanadikira mboni zinayi?

Mwalimu wa kumudzi

Wa alaykum salaam. Ine ndaphunzitsa madrasa zaka zoposa 15 ndiye ndilankhule ngati wa m'nyumba momwemo, palibe anganene kuti ndikudana ndi Chisilamu.

Akhi Abu Ridhwan, mboni zinayi zija mwaziika pa malo olakwika. Lamulo limenelo ndi la munthu amene akuneneza mnzake kuti wachita zina, mawu a Chiarabu otanthauza chiwerewere cha anthu akuluakulu, ndipo linabwera kuti liteteze ulemu wa akazi amene anthu amawapekera nkhani. Mwana amene akudandaula kuti wachitidwa nkhanza sakuneneza chiwerewere, akudandaula dhulm, kuponderezedwa. Kutenga ayah yomwe inatsika kuti iteteze akazi nkuisandutsa chotsekera pakamwa mwana wamkazi, pamenepo ndiye tiyenera kuopa Allah.

Za miseche, tsegulani Surah An-Nisa ayah 148, Allah sakonda kulankhula zoipa poyera kupatula kwa amene waponderezedwa. Surah yomweyo ayah 135 ikutilamula kuimira chilungamo ngakhale chikutsutsa ife eni, makolo athu kapena abale athu. Ma ulama akale, Imam An-Nawawi mmodzi mwa iwo, analemba malo amene kutchula zoipa za munthu kumaloledwa, ndipo kukadandaula kwa wolamula ndi kuchenjeza anthu za woipa zili momwemo. Hadith ya kubisa manyazi ndi yoona, koma ikukamba za munthu amene walakwira Mbuye wake payekha, mwamupeza wamwa mowa kuseri, mumulangize osamuyalutsa. Siikukamba za munthu amene tchimo lake likugwera ana a eni ndipo mawa akadali ndi makiyi a kalasi. Ndipo Mtumiki, swalla Allahu alayhi wa sallam, atanena kuti thandiza m'bale wako kaya ndi woponderezedwa kaya ndi wopondereza, maswahaba anafunsa kuti wopondereza timuthandiza bwanji, iye anati pomuletsa kupondereza.

Komanso ngakhale titati mwalimuyo sanamugwire mwana, kudzitsekera m'chipinda ndi mtsikana amene si mahram wake (wachibale woti sangakwatirane naye) ndi khalwa, aliyense amene anawerengako kitabu amadziwa kuti nzoletsedwa, ifeyo ndi amene timalalikira zimenezo pa Ijumaa. Bwanji akomiti sanamufunse chimenecho? Ndipo ngati akumukhulupirira kuti sanalakwe, chipepeso ndi cha chiyani, kumusamutsa ndi kwa chiyani?

Kusamutsa kumeneko ndiye kumandikwiyitsa kwambiri. Ine ndinaonapo ndi maso anga, kudera lina komwe ndinkaphunzitsa kunabwera mnyamata wowerenga bwino, mawu ngati wa pa wailesi, tinamulandira ndi manja awiri osafunsa kuti wachoka bwanji komwe anali. Patatha chaka ndi miyezi zinachitika, titafufuza tinamva kuti komwe anachokerako anachita zomwezo ndipo anangomuperekeza pa depoti. Ife amene tinamulandira tinalakwa, koma amene anamuperekeza mwakachetechete aja ali ndi gawo lawo pa mwana wachiwiriyo.

Vuto lathu tilivomereze, madrasa ambiri a m'midzi alibe woyang'anira. Mwalimu amalandira kangachepe mwina miyezi itatu osalandira, makolo amangotumiza ana osabwera nkudzasuzumira, ndipo tawaphunzitsa ana kuti mwalimu sayankhidwa, kumutsutsa kumachotsa baraka. Munthu wa mtima woipa akapeza malo otero wapeza munda wolimalima. Kwathu kuno tinagwirizana kuti chitseko sichitsekedwa, mwana satsala yekha olo kusesa amasesa atatu, atsikana okulirapo amaphunzitsidwa ndi mayi, ndipo azimayi a dawa amasinthana kukhala pakhonde tsiku lililonse. Ena anadandaula kuti simukutikhulupirira, ine ndinati mwalimu woongoka chitseko chotsegula chimamuteteza iye yemwe.

Achemwali, lumbiro lomwe mwana anakakamizidwa silimumanga, alibe tchimo ndipo alibe kafara, dipo la kuswa lumbiro. Pitani ku polisi, si tchimo.

Che Asiyatu wa ku Liwonde

Ine ndimagwira ntchito zokhudza chitetezo cha ana ndiye ndingokuuzani za njira, za deen akamba kale amwalimu pamwambapa.

Musadikire umboni, kufufuza si ntchito yanu. Pitani pa polisi iliyonse yomwe muli nayo pafupi mufunse ofesi ya Victim Support Unit, kumakhala apolisi ophunzitsidwa nkhani za ana ndi amayi, mukhoza kupempha kuti mwana alankhule ndi wapolisi wamkazi. Akupatsani kalata yopita nayo ku chipatala. Ku zipatala zina zikuluzikulu kuli One Stop Centre, ena amati Chikwanekwane, komwe dokotala, wapolisi ndi wa social welfare amapezeka malo amodzi kuti mwana asamangobwereza nkhani yake ofesi ndi ofesi. Ngati mulibe thiransipoti kapena mukuopa, imbani 116, ndi nambala ya ana yaulere, a YONECO a ku Zomba ndi amene amayendetsa, akulumikizani ndi anthu a m'dera lanu.

Ku chipatala pitani ngakhale mwana wanena kuti amangomugwira. Ana ambiri amayamba kuulula pang'ono kuti aone nkhope yanu kaye, zina zimatuluka pakapita masiku. Ndipo ngati panachitika zoposa pamenepo posachedwa, mankhwala oteteza ku HIV aja a PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndiye tsiku lililonse lomwe akomiti akukhala pansi nkumakambirana likudya nthawi ya mwana.

Inuyo musamufunsenso mafunso ambirimbiri, musamuikire mawu m'kamwa ngati "anakugwira apa eti?", ndipo chonde chonde musalole kuti amuitanire pa bwalo la akuluakulu kuti akanene pamaso pa mwalimuyo. Ndinaonapo mwana ataimikidwa pakati pa azibambo 10 ovala mikanjo, anangoti ndinanama nkuthawa, nkhani inathera pomwepo. Lembani m'kope zomwe anakuuzani m'mawu ake omwewo, tsiku lake, ndi masiku omwe anayamba kukana madrasa. Ngati akomiti anakutumizirani mesegi kapena voice note ya chipepeso musafufute.

Pa malamulo, kuyambira 2017 pomwe Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kugwira mtsikana malo osayenera ndi mlandu pansi pa gawo 137 la Penal Code, chilango chimafika zaka 14, ndipo kugona ndi mwana ndi gawo 138, chimafika moyo wonse kundende. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limaikanso udindo pa achibale kuti akanene akadziwa kuti mwana akuzunzidwa. Milandu imeneyi si ya amfumu, si ya komiti ya mzikiti kapena ya tchalitchi, alibe mphamvu yoithetsa ndi mbuzi kapena ndalama.

Sindikunamizani kuti zikhala zophweka. Mafayilo amachedwa, mlandu umaimitsidwa kangapo, anthu ena asiya kukupatsani salaam. Pezani munthu mmodzi wamkulu woyenda nanu. Ndipo dzina la mwana kapena chithunzi chake musaike pa gulupu iliyonse ya WhatsApp, olo ya pabanja.

Binti wa ku Leicester

Ndakhala ndikulemba nkufufuta kuyambira m'mawa. Ine ndili ndi zaka 41, ana atatu, ndipo zinandichitikira ndili ndi zaka 11 kwathu kunyanja. Amwalimu athu anali ndi kabokosi ka tende pa windo, aliyense amadziwa kuti amene wapatsidwa tende ndi amene atsale. Mpaka lero Ramadhan ikafika ine ndimafutulu ndi madzi, tende sindidya, amuna anga anadziwa chifukwa chake patatha zaka 9 tili m'banja. Ndinauza anganga, anandigwira pakamwa ndi dzanja lonunkha utsi nkunena kuti usadzabwerezenso, ukufuna utilodzetse? Basi. Ndinapitirizabe kupita chaka china chathunthu. Munthuyo anamwalira ndi ulemu wake wonse, ku janaza kwake kunadzadza, ndipo titakula tinapezana atsikana anayi a kalasi imodzi tonse nkhani yofanana, aliyense ankayesa ndi yekha.

Chomwe chinandipweteka kwambiri si iye, ndi dzanja la anganga lija. Inuyo mwana wakuuzani ndipo mwasiya mphika nkumumvera, mwachita kale chomwe ine sindinachipeze.

A Abu Ridhwan mukuti atiseka. Kuno ku UK mu 2017 khoti ku Cardiff linagamula zaka 13 bambo wa zaka 81, Mohammed Haji Sadiq, amene ankaphunzitsa Qur'an mu mzikiti, chifukwa chogwiragwira atsikana anayi pakati pa 1996 ndi 2006. Atsikanawo anadzalankhula atakula. Inde manyuzi analemba, inde odana nafe anapezerapo mwayi, koma mizikiti sinatsekedwe, tikuswalibe. Madrasa yomwe ana anga amapita mwalimu aliyense amayenera kuonetsa pepala la DBS losonyeza kuti alibe mbiri ya milandu yotere, zitseko zili ndi magalasi, ndipo palibe amene amati zimenezi ndi kunyoza deen. Tchalitchi cha Katolika chomwe mwatchulacho chinanyozeka kwambiri chifukwa cha mabishopu omwe ankangosamutsa ansembe parishi ina kupita ina, ndendende zomwe akomiti akufuna kuchita apazi.

Jafali_265

Ine ndingowonjezera za chitetezo chanu, osazitenga mopepuka. Ku Bangladesh mu 2019 mtsikana wa pa madrasa ku Feni, Nusrat Jahan Rafi, anakanena ku polisi kuti mkulu wa madrasa yawo anamugwira. Wapolisi anamujambula vidiyo akupereka dandaulo ndipo inafalikira, anthu anachita zionetsero zoikira kumbuyo mkuluyo, kenako pa 6 April atapita kukalemba mayeso anamunyengerera padenga nkumuthira palafini nkumuyatsa chifukwa anakana kuchotsa mlandu. Anamwalira pa 10 April. Mu October chaka chomwecho anthu 16 anagamulidwa kuti aphedwe, mkuluyo, aphunzitsi ena ndi ophunzira anzake omwe. Sindikuti kwanuko zifika pamenepo, Malawi si Bangladesh, koma munthu amene ali ndi omutsatira amakhala ndi anyamata oti akhoza kuopseza. Mwanayo asamayende yekha popita ku sukulu kapena ku mjigo, ndipo ngati kuli wachibale kutali pang'ono akakhaleko masiku oyambawa. Wina akakuopsezani kanenaninso, ndi mlandu pawokha.

Abu Ridhwan

Amwalimu ndamva, za khalwa zija sindinaziganizire ndipo pa ayah 148 mwanena zoona. Ine mantha anga ndi oti munthu akangotchulidwa dzina basi watha olo khoti lidzamupeze wosalakwa. Koma za kumusamutsa nanenso sindikugwirizana nazo, aimitsidwe kaye asayandikire ana mpaka zitaoneka.

WobisaDzina

Jazakumullah khayr nonse, ndawerenga kangapo. A ku Leicester ndalira nanu.

Ndinaimbira akulu anga usiku womwewo, analira mpaka mayunitsi kutha, kenako anatumiza voice note kwa achimwene yomwe sindingabwereze pano. Akufunafuna ndalama ya basi. Lachisanu m'mawa ndinapita ndi mwana ku polisi, ndinaperekezedwa ndi mayi wina wa dawa amene ndimamudalira, anatilandira wapolisi wamkazi ndipo ku chipatala tinapitanso tsiku lomwelo. Zotsatira sindilemba pano.

Achimwene sakundilankhula, akuti ndawadumpha ngati mwinimbumba ndipo ndawachititsa manyazi kwa akuluakulu. Envelopu ya chipepeso inabwera ndi mnyamata wa njinga, ndinaibweza osatsegula. Amwalimu aja sanaswalitse Ijumaa, akuti apita kwawo kukaona matenda, apolisi akuti akudziwa kwawoko.

Dzulo cha m'ma 8 usiku kunabwera mayi wina wa tsidya la msewu, munthu woti sitichezerana kwenikweni, anaima pakhomo nthawi yaitali osalowa kenako anafunsa kuti ku polisiko munalowera khomo liti. Mwana wake ali ndi zaka 10.

Wathuyu wagona bwino masiku awiri. Lero wandifunsa ngati angapitirize juzu yake chifukwa anatsala pang'ono kumaliza, anafika pa Surah Al-Fajr, ndipo ine kuwerenga kwanga nkoperewera sindingamukonze. Alipo amene akudziwa mayi wophunzitsa Qur'an amene angamamumvere pa foni madzulo ine ndili pompo? Ndilembereni ku inbox, ya mayunitsi ndiyesetsa.